Market Photo Workshop

Market Photo Workshop ndi sukulu yophunzitsa luso lojambula zithunzi yomwe ili m'dera la Newtown, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa. Inakhazikitsidwa m'chaka cha 1989 ndi katswiri wojambula zithunzi David Goldblatt, ndipo ndi nthambi ya bungwe la Market Theatre Foundation. Cholinga chake choyamba chinali kuphunzitsa achinyamata, makamaka akuda, omwe malamulo a boma latsankho ankawatsekera mwayi wa maphunziro otere. Sukuluyi imadziwika ndi kaphunzitsidwe koti wophunzira agwire yekha kamera kuyambira pachiyambi, atuluke kukajambula, kenako abweretse zithunzi zake kuti aphunzitsi ndi anzake azione ndi kuzikambirana. Ena mwa omwe anaphunzira pasukuluyi ndi Zanele Muholi, Jodi Bieber, Sabelo Mlangeni, Nontsikelelo Veleko, Thabiso Sekgala ndi Lebohang Kganye. Mu 2018 sukuluyi inalandira mphoto yaikulu ya Prince Claus ya ku Netherlands.

Momwe zinthu zinalili sukuluyi isanayambe

Chipani cha National Party, chomwe chinayamba kulamulira South Africa mu 1948, chinagawa maphunziro potengera khungu la munthu. Lamulo la Bantu Education Act la 1953 linaika ana akuda m'sukulu zopatsidwa ndalama zochepa, ndipo lamulo lina la 1959 linaletsa ophunzira akuda kulowa m'mayunivesite a azungu popanda chilolezo cha nduna. Luso lojambula linkafuna kamera, filimu, mankhwala ndi chipinda chotsukira zithunzi, zinthu zodula zomwe ana a m'malokeshoni sankazipeza kusukulu kwawo. Chithunzi cha munthu wakuda chomwe boma linkachifuna chinali cha pachiphaso chomwe ankakakamizidwa kuyenda nacho, mpaka pomwe malamulo a ziphasozo anathetsedwa mu 1986.

Akuda ochepa omwe anatchuka pa lusoli anaphunzirira pantchito. Peter Magubane anayamba ngati dalaivala ndi mesenjala ku magazini ya Drum m'zaka za m'ma 1950, ndipo anaphunzira poona zomwe ojambula a kumeneko ankachita. Ernest Cole analowa ku Drum komweko mu 1958 ngati wothandizira Jürgen Schadeberg. Buku lake lotchedwa House of Bondage linatuluka mu 1967 iye atachoka kale m'dzikomo, ndipo boma linaliletsa. Magubane anatsekeredwa m'chipinda cha yekha kundende masiku 586. Mu Novembala 1985 boma linaletsa kujambula zipolowe m'madera omwe linaikamo malamulo a pangozi. Motero njira yophunzirira inalipo koma inali yopapatiza: munthu ankadalira mwayi wokumana ndi wojambula womulola kuimirira pambali pake, ndipo akadziwa ntchitoyo ankakumana ndi apolisi.

Kukhazikitsidwa kwake

David Goldblatt anabadwa pa 29 Novembala 1930 ku Randfontein, tauni ya migodi ya golide kumadzulo kwa Johannesburg. Iyenso sanapite kusukulu ya zojambula. Anadziphunzitsa yekha uku akugwira ntchito m'sitolo ya zovala ya bambo ake, ndipo mu 1963, bambowo atamwalira, anagulitsa sitoloyo n'kuyamba kudalira kamera. Buku lake la On the Mines, lomwe analitulutsa pamodzi ndi mlembi Nadine Gordimer mu 1973, likuonetsa migodi ya golide ya dera la Witwatersrand, komwe amuna ambiri a ku Malawi ndi Mozambique ankapita kukagwira ntchito kudzera ku Wenela. Mabuku ake ena ndi Some Afrikaners Photographed la 1975, In Boksburg la 1982 ndi The Transported of KwaNdebele la 1989. Goldblatt sankathamangira kwambiri zipolowe. Ankajambula moyo wa tsiku ndi tsiku, nyumba, matchalitchi ndi anthu ali pantchito, pofuna kuonetsa maganizo omwe tsankho linazikidwapo.

Dzina loti Market linachokera ku Market Theatre, nyumba ya zisudzo yomwe Barney Simon ndi Mannie Manim anatsegula mu 1976 mumsika wakale wa zipatso womangidwa mu 1913. Nyumbayi inkalandira ochita zisudzo ndi oonerera a mitundu yonse pa nthawi yomwe malo ambiri achisangalalo anali ogawidwa. Sukulu ya Goldblatt inayambira pansi pa bungwe lomwelo ndipo inatsata mfundo yomweyo yosayang'ana khungu. Kuwonjezera pa kagwiritsidwe ntchito ka kamera, Goldblatt ankafuna kuti ophunzira adziwe kuwerenga chithunzi, kutanthauza kuzindikira zomwe chikunena, yemwe anachijambula, ndi zomwe wojambulayo anazisiya kunja.

Poyamba maphunziro anali aafupi, a zithunzi zakuda ndi zoyera zojambulidwa pafilimu. John Fleetwood anatsogolera sukuluyi kuyambira 2002 mpaka 2015, ndipo m'nthawi yake maphunziro anakula, kamera za digito zinalowa, komanso ophunzira ochokera m'mayiko ena a mu Africa anachuluka. Atachoka iye, utsogoleri unapita kwa Lekgetho Makola. Masiku ano sukuluyi ili pamsewu wa Lilian Ngoyi, pafupi ndi bwalo la Mary Fitzgerald Square, ndipo ili ndi malo akeake oonetsera zithunzi. Goldblatt anamwalira pa 25 Juni 2018.

Magawo a maphunziro

Maphunziro amayenda mokwera masitepe. Gawo loyamba, la Foundation, ndi la munthu yemwe sanagwirepo kamera mozindikira. Lotsatira ndi la Intermediate. Pamwamba pali magawo awiri a chaka chathunthu: Advanced Programme in Photography, la omwe akufuna kumanga ntchito yawoyawo yazaluso kapena yamalonda, ndi Photojournalism and Documentary Photography Programme, la omwe akufuna kutola nkhani ndi kamera. Gawo la atolankhanili linayamba ndi thandizo la kampani ya Getty Images.

M'zaka zosiyanasiyana pakhalanso mwayi wapadera wa omwe amaliza maphunziro, monga Tierney Fellowship, Edward Ruiz Mentorship ndi Gisèle Wulfsohn Mentorship. Wosankhidwa amapatsidwa ndalama zogwirira ntchito ndi katswiri womulangiza, kuti ajambule nkhani imodzi kwa miyezi yambiri mpaka ifike poonetsedwa kwa anthu.

Kuyeza kuwala

Phunziro loyamba la wojambula aliyense ndi kuchuluka kwa kuwala kolowa m'kamera. Kukachuluka, chithunzi chimayera mpaka zinthu osaoneka. Kukachepa, chimada. Zinthu zitatu ndizo zimalamulira zimenezi, ndipo wophunzira amazimvetsa pozisintha yekha m'malo mosiyira kamera kuti isankhe.

Choyamba ndi kukula kwa bowo la m'kati mwa lenzi, lomwe ojambula amalitcha aperture. Limayezedwa ndi manambala monga f/2.8, f/4, f/5.6, f/8, f/11 ndi f/16. Nambala yaing'ono imatanthauza bowo lalikulu, ndipo sitepe iliyonse yokwera imadula kuwala pakati. Chachiwiri ndi nthawi yomwe kachitseko ka kamera, shutter, kamakhala kotsegula, monga 1/30, 1/60, 1/125, 1/250 kapena 1/500 ya sekondi. Chachitatu ndi ISO, muyeso wa momwe filimu kapena sensa imamvera kuwala: ISO 200 imafuna theka la kuwala komwe ISO 100 imafuna, koma manambala aakulu amabweretsa timadontho pachithunzi.

Popeza sitepe iliyonse imachulukitsa kawiri kapena kudula pakati, zitatuzi zimasinthanitsika. Kujambula pa f/8 ndi 1/125 kumalowetsa kuwala kofanana ndi f/5.6 pa 1/250, kapena f/11 pa 1/60. Komabe zithunzi zitatuzo sizifanana. Bowo lalikulu limaonetsa bwino munthu yekhayo, zakumbuyo kwake n'kufufumala, pomwe bowo laling'ono limaonetsa bwino zapafupi ndi zakutali zomwe. Nthawi yaifupi monga 1/500 imaimitsa mwana wothamanga, pomwe 1/30 imamusandutsa mzere wosaoneka bwino. Wophunzira akajambula chinthu chimodzi katatu m'njira zimenezi n'kuika zithunzizo pamodzi, amaona ndi maso zomwe manambala okha sangamuuze.

Pali malamulo ena achidule omwe ophunzira amayesera. Padzuwa lowala bwino, f/16 pa 1/125 ndi filimu ya ISO 100 zimapereka chithunzi choyenera popanda chipangizo choyezera. Ndi lenzi ya 50mm, munthu wogwira kamera m'manja sayenera kutsika kwambiri pansi pa 1/60, chifukwa kunjenjemera kwa manja kumaoneka. Chipangizo choyezera kuwala cha m'kamera nacho chimanyengeka: chimayesa kusandutsa zonse zomwe chikuona kukhala zotuwa zapakati. Munthu wakhungu lakuda akaima kutsogolo kwa khoma loyera kapena thambo lowala, kamera imachepetsa kuwala ndipo nkhope yake imasanduka mthunzi. Wojambula amayenera kuyandikira, kuyeza kuwala kwa pankhopepo, n'kusankha yekha manambala. Ku Johannesburg, mzinda womwe uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, dzuwa lamasana limakhala lakuthwa ndipo mithunzi imada kwambiri, choncho ophunzira amazolowera msanga kusiyana kwa kuwala kwa m'mawa, kwa masana ndi kwa madzulo.

Chipinda chamdima

M'zaka zoyambirira za sukuluyi, chithunzi chilichonse chinkadutsa m'chipinda chamdima. Filimu ya 35mm imakhala ndi malo a zithunzi 24 kapena 36, ndipo wophunzira sankaona zomwe wajambula mpaka ataitsuka. Kuchepa kwa filimu kunkamuphunzitsa kuganiza asanadine.

Kutsuka kumayamba mumdima wandiweyani, momwe munthu amakulunga filimu pakagudumu ndi manja okha osaona kanthu, n'kuitsekera m'kachitini kosalowa kuwala. Akayatsa magetsi amathira mankhwala atatu motsatizana. Oyamba, developer, amasandutsa mchere wa siliva womwe unakhudzidwa ndi kuwala kukhala siliva wakuda. Achiwiri amaimitsa ntchito ya oyambawo. Achitatu, fixer, amachotsa mchere wotsala kuti filimu isadenso ikaona kuwala. Kawirikawiri mankhwalawa amasungidwa pa madigiri 20, ndipo nthawi imawerengedwa ndi wotchi, chifukwa kutentha kapena kuchedwa kumasintha chithunzi. Filimu ikatsukidwa ndi madzi n'kuuma imakhala negetivi, pomwe zoyera zimaoneka zakuda ndipo zakuda zimaoneka zoyera.

Kenako wophunzira amadula negetivi m'mizere, n'kuigoneka papepala limodzi lomva kuwala, kuti apeze tizithunzi tonse 36 patsamba limodzi. Tsambali ndi lofunika kwa mphunzitsi, chifukwa limaonetsa momwe wophunzira anayendera: ngati anayandikira kapena anachita mantha, ngati anadikira kapena anadina kamodzi n'kuchoka. Chithunzi chosankhidwa chimakulitsidwa ndi makina otchedwa enlarger, pansi pa getsi lofiira lomwe siliwononga pepala la zithunzi zakuda ndi zoyera. Asanawononge pepala lathunthu, wophunzira amayesa kachidutswa pokaunikira masekondi osiyanasiyana. Mbali yomwe ikuda kwambiri amaitchinga ndi dzanja kwa kanthawi, ndipo yoyera kwambiri amaiwonjezera kuwala. Mapulogalamu a pakompyuta omwe ophunzira a digito amagwiritsa ntchito masiku ano anatengera njira ziwirizi pamodzi ndi mayina ake.

Kukambirana zithunzi

Mbali ina yaikulu ya maphunziro ndi yoika zithunzi pakhoma kapena patebulo kuti gulu lonse lizione. Wojambula amafotokoza zomwe amafuna kuonetsa, ndipo anzake ndi mphunzitsi amanena zomwe akuona. Nthawi zambiri ziwirizi zimasiyana, ndipo phunziro limakhala pakusiyanapo. Wojambula amakumbukira phokoso, fungo ndi zomwe anacheza ndi munthu amene anamujambula, koma woonera ali ndi pepala lokha.

Pazokambiranazi wophunzira amazolowera kuyang'ana m'mphepete mwa chithunzi, komwe mtengo wamagetsi ungaoneke ngati wamera pamutu pa munthu kapena phazi lingadulidwe. Amaphunzira kusiya zithunzi zomwe amazikonda koma sizikuthandiza nkhani, ndi kusanja zotsalazo, popeza tanthauzo la chithunzi limasintha malinga ndi chomwe chili pambali pake. Amaphunziranso kulemba mawu apansi pa chithunzi: dzina lolondola, malo ndi tsiku. Akatero amabwerera komwe anajambula kukayesanso.

Kujambula anthu

M'dziko lomwe kamera inali chida cha apolisi ndi ofesi ya ziphaso, funso la yemwe akujambula ndi yemwe akujambulidwa silinali laling'ono. Wophunzira amayenera kudzidziwitsa kwa anthu, kupempha chilolezo, kufotokoza komwe chithunzi chikupita, ndi kuvomera akakanidwa. Ntchito zambiri zodziwika za omwe anadutsa pasukuluyi ndi za kwawo kapena za anthu omwe amakhala nawo, ndipo zinatenga miyezi kapena zaka. Kubwerera kwa anthu omwewo kumachititsa kuti asiye kudzikonza akaona kamera, komanso kumapatsa wojambula udindo, poti adzakumananso ndi omwe anawajambula.

Ena mwa omwe anaphunzira pasukuluyi

Jodi Bieber, wobadwa mu 1966, anachita maphunziro aafupi pasukuluyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kenako anapitiriza kuphunzira pantchito ku nyuzipepala ya The Star pansi pa Ken Oosterbroek, dziko likukonzekera chisankho cha 1994. Chithunzi chake cha Bibi Aisha, mtsikana wa ku Afghanistan yemwe anadulidwa mphuno ndi makutu, chinatuluka pachikuto cha magazini ya Time mu Ogasiti 2010 ndipo chinasankhidwa kukhala World Press Photo of the Year ya chaka chimenecho.

Zanele Muholi, wobadwira ku Umlazi ku Durban mu 1972, anamaliza maphunziro apamwamba pasukuluyi mu 2003, ndipo Goldblatt anakhala mlangizi wake. Mu 2006 anayamba Faces and Phases, mndandanda wa zithunzi za nkhope za akazi akuda okondana ndi akazi anzawo, omwe ambiri mwa iwo amachitiridwa nkhanza m'madera awo. Mu Somnyama Ngonyama amadzijambula yekha atadetsa khungu lake mwadala pokonza chithunzi. Nyumba ya Tate Modern ku London inaonetsa ntchito zake mu 2020.

Nontsikelelo Veleko, wobadwa mu 1977, anadziwika ndi zithunzi za achinyamata ovala mochititsa chidwi m'misewu ya Johannesburg. Mu 2008 analandira mphoto ya Standard Bank Young Artist.

Sabelo Mlangeni anabadwa mu 1980 ku Driefontein m'chigawo cha Mpumalanga, anafika ku Johannesburg mu 2001 ndipo anamaliza maphunziro mu 2004. Mu Invisible Women anajambula amayi omwe amasesa misewu ya mzindawu usiku anthu ena ali m'tulo, ntchito yomwe inafuna kujambula pa kuwala kochepa kwa magetsi a mumsewu. Analandira mphoto ya Tollman mu 2009.

Thabiso Sekgala, wobadwa mu 1981, anakulira ku KwaNdebele, limodzi la madera omwe boma latsankho linkakankhirako anthu akuda. Ndi dera lomwelo lomwe Goldblatt anajambula anthu ake ali m'mabasi a usiku opita kuntchito ku Pretoria. Mu ntchito yake ya Homeland, Sekgala anajambula malo ndi achinyamata a kumeneko ngati mwana wa komweko, tsankho litatha. Anamwalira mu 2014.

Lebohang Kganye, wobadwa mu 1990 ku Katlehong, anayamba maphunziro mu 2009 ndi kumaliza mu 2011. Mu Ke Lefa Laka ya 2013, dzina lachisotho lotanthauza kuti ndi cholowa changa, anavala zovala za malemu mayi ake, n'kuima momwe iwo anaimira pazithunzi zakale za m'banja, kenako n'kuphatikiza zithunzi ziwirizo. Mu 2024 analandira mphoto ya Deutsche Börse Photography Foundation ku London.

Enanso ndi Musa Nxumalo, yemwe anajambula moyo wa achinyamata akuda okonda nyimbo za rock, Phumzile Khanyile wa Plastic Crowns, ndi Siphiwe Sibeko, wojambula wa bungwe lofalitsa nkhani la Reuters.

Kufunika kwake

Sukuluyi itayamba, zithunzi za ku South Africa zomwe zinkafika m'manyuzipepala akunja zinali makamaka za zionetsero, maliro ndi apolisi. Omwe anaphunzira ku Newtown m'zaka zotsatira anabweretsa nkhani za zovala, chikondi, ntchito za usiku, zithunzi za m'banja ndi moyo wa m'matauni aang'ono, ndipo ambiri mwa iwo anachokera m'madera omwe kale ankangojambulidwa ndi alendo. Ena amabwerera kudzaphunzitsa ndi kulangiza ophunzira atsopano. Njira yophunzirira pambali pa katswiri, yomwe Magubane ndi Cole anaipeza mwamwayi ku Drum, inasanduka maphunziro omwe wachinyamata wa ku Soweto, ku Mpumalanga kapena ku Harare angalembetse. Mphoto ya Prince Claus ya 2018 inaperekedwa ku Amsterdam, miyezi yochepa woyambitsa sukuluyi atamwalira.

Onaninso

David Goldblatt
Market Theatre
Magazini ya Drum
Ulamuliro watsankho ku South Africa